Cilonda Sicidziwa Tsiku la Mpikisano

Aliyense wodzuka m'mamawa kuno ku Avondale amawaona anyamata ndi atsikana akuthamanga m'mbali mwa mseu wa Great East dzuwa lisanatuluke, ena kulowera ku Chelstone, ena kutsikira ca ku Munali. Owerengeka avala nsapato zenizeni zothamangira, ambiri avala za pa salaula, koma loto lao ndi limodzi. Anaona pa wailesi ya kanema mwana wa dziko lino, Muzala Samukonga, ataimirira pa nsanja ku Paris mendulo ili m'khosi, ndipo aliyense wa iwo anati mumtima mwake: nanenso ndidzafika pamenepo.

Loto limeneli n'labwino, ndipo ife makolo tiyenera kulithirira. Koma pali mbali ina ya moyo wa wamasewera imene kanema saonetsa. Tikunena miyezi ija imene katswiri amangokhala pakhomo, mwendo atausanjika pa mpando, anzake akupikisana, manyuzipepala atamuiwala. Amene akhalitsa m'masewera amadziwa kuti ngwazi zambiri zimakhwima kapena kuonongeka m'miyezi imeneyi. Tsono tiyeni tione mmene akatswiri ena, a kuno kwathu ndi a kunja, anapyolera m'nyengo ya kuvulala, ndi phunziro limene moyo wao ukupereka kwa ana athu amene angoyamba kumene.

Caka cimene Samukonga anasowa

Dzina la Samukonga linayamba kumveka mu 2022. M'mwezi wa June caka cimeneco, ali ndi zaka 19, anapambana mpikisano wa Africa wa mamita 400 ku Mauritius. Patangopita miyezi iwiri anali ku Birmingham pa masewera a Commonwealth. Kumeneko, pa 7 August, anadutsa Matthew Hudson-Smith pafupi ndi mzere wotsirizira, pamaso pa khamu la Angerezi limene linabwera kudzaombera m'manja mwana wao, ndipo anatenga mendulo ya golide m'masekondi 44.66. Mu April 2023, ku Gaborone, anathamanga masekondi 43.91. Kutsika pansi pa masekondi 44 pa mtunda umenewu ndi cinthu cimene anthu owerengeka okha pa dziko lonse anacitapo.

Dziko lonse la Zambia linayamba kuwerenga masiku kudikira mpikisano wa dziko lonse umene unali kudzacitika ku Budapest mu August 2023. Koma mnyamatayo anavulala, ndipo pamene anzake anafola pa mzere ku Budapest, iye panalibe.

Taganizirani, owerenga athu, mmene mtima wa mnyamata wa zaka 20 umawawira pa nthawi yotere. Liwiro ali nalo, dzina ali nalo, ndalama zimene zikanasintha moyo wa banja lonse zili pafupi, koma thupi lakana. Ciyeso cacikulu cimakhala cakuti amange bandeji, amwe mankhwala opha ululu, apite akayese mwai. Ambiri amene anagonja pa ciyeso cimeneci sanamvekenso.

Samukonga anabwerera mu 2024. Mu March, pa masewera a Africa ku Accra, anatenga mendulo ya siliva pa mamita 400, ndipo pamodzi ndi anzake atatu anapatsa Zambia golide pa mpikisano wopatsirana kamtengo. Kenaka pa 7 August 2024, zaka ziwiri zenizeni cipambanire ku Birmingham, anakhala wacitatu pa masewera a Olympic ku Paris, pambuyo pa Quincy Hall wa ku America ndi Hudson-Smith yemwe uja. Nthawi yake inali masekondi 43.74, liwiro limene mwana wa Zambia aliyense anali asanathamangepo. Iyi inali mendulo yacitatu ya dziko lino pa masewera a Olympic, kutsatira ya Keith Mwila pa nkhonya ku Los Angeles mu 1984, ndi ya Samuel Matete ku Atlanta mu 1996. Mnyamata amene anasowa ku Budapest anabwerera ali waliwiro kuposa kale. Akuluakulu sananame pamene anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Zimene zimacitika m'thupi

Kudekha kumeneku sikungokhala khalidwe labwino cabe. Thupi lili ndi nthawi yake imene silisintha, kaya mphunzitsi akalipe, kaya boma lilonjeze nyumba.

Othamanga mitunda yaifupi amavulala kawirikawiri minofu ya kumbuyo kwa nchafu. Minofu imeneyi ilipo itatu, ndipo ndiyo imagwira mwendo kuti usapitirire pamene wauponya kutsogolo. Ikang'ambika, masiku oyamba malowo amatupa, amatentha ndi kupweteka, pakuti thupi likucotsa zoonongeka. Masabata otsatira thupi limaluka mnofu watsopano, koma ulusi wake umakhala wanthete ndi wosokonekera. Pomaliza, kwa masabata ambiri kapena miyezi, ulusiwo umaongoka ndi kulimba malinga ndi mmene munthu akuugwiritsira nchito pang'onopang'ono.

Msampha uli apa: ululu umatha mnofu usanalimbe. Mwana amadzuka tsiku lina, nayenda bwinobwino, nati ndacira. Akangoyesa liwiro lonse, pamalo pomwe paja pamang'ambikanso, ndipo bala laciwiri limakhala loipa kuposa loyamba. Madokotala a zamasewera amadziwa kuti ambiri mwa ovulalanso amavulala m'masabata oyambirira atangobwerera pa bwalo.

Kung'ambika pang'ono kumapola m'masabata ocepa. Mnofu ukadukiratu pamafunika miyezi, nthawi zina ndi opareshoni. Mitsempha yolumikiza mnofu ndi fupa, ndi ija yomanga bondo, imacedwa koposa cifukwa magazi amafikako pang'ono. Wosewera amene waduka mtsempha wa m'kati mwa bondo amatha miyezi 9 kapena kupitirira asanabwerere. Fupa la munthu wamkulu likathyoka limafuna masabata 6 kapena kuposerapo kuti ligwirane, ndipo cikhakha cikacotsedwa mwendo umakhala utaonda, wofuna kuuphunzitsanso nchito.

Okonda mpira anaona zimenezi mu August 2025, pamene Barbra Banda, amene anasankhidwa kukhala mkazi wosewera mpira bwino koposa mu Africa mu 2024, anaduka mtsempha wa m'nchafu akusewerera timu ya Orlando Pride ku America. Timu yake inalengeza kuti sadzaseweranso mpaka nyengo ya caka cimeneco itatha. Ngati timu imene imamulipira inavomera kumusowa miyezi yonseyo, nanga ife tingakakamize bwanji mwana wa sukulu kubwerera pa bwalo Loweruka lotsatira?

Mai amene anabwerera patapita zaka 16

Nkhani yodabwitsa koposa ya kubwerera ikucokera ku masewera amene kuno kwathu sitiwadziwa. M'maiko ozizira muli masewera ochedwa figure skating. Osewera amavala nsapato zokhala ndi citsulo copyapyala ngati mpeni kunsi kwake, natsetsereka pa madzi oundana motsatira nyimbo, akuzungulira ndi kulumpha. Pa mpikisano wa awiriawiri, mwamuna amanyamula mkazi pamwamba pa mutu wake, kapena kumuponya m'mwamba kuti azungulire katatu asanatere ndi mwendo umodzi. Kugwa kwake n'kugwera pa cinthu colimba ngati simenti, motero ciuno, mawondo ndi akakolo zimatha msanga. Akazi ambiri amaleka asanakwanitse zaka 30.

Deanna Stellato-Dudek anabadwa ku America mu 1983. Mu 2000 anatenga mendulo ya siliva pa mpikisano wa dziko lonse wa acinyamata, ndipo ambiri anamuona ngati ngwazi ya mawa. Koma ciuno cinayamba kumuvuta, ndipo mu 2001, ali ndi zaka 17, analeka. Anakhala zaka pafupifupi 16 osapikisana, akugwira nchito yosamalira khungu la anthu. Mu 2016 anatulutsanso nsapato zake. Anayamba kusewera pa mpikisano wa awiriawiri, ndipo kuyambira 2019 mnzake anali Maxime Deschamps wa ku Canada. Mu March 2024, ku Montreal, awiriwa anapambana mpikisano wa dziko lonse. Maiyu anali ndi zaka 40, ndipo panalibe mkazi wina wa msinkhu umenewo amene anapambanapo ulemu wotere m'masewerawa. Riku Miura wa ku Japan, mtsikana wa m'gulu limene linakhala laciwiri, anabadwa mu 2001, caka comwe cija cimene Stellato-Dudek analeka.

Pofotokozera atolankhani za cinsinsi cake, maiyu wakhala akubwereza mfundo imodzi, yakuti madzulo alionse amatha nthawi yaitali akusamalira thupi lake, kuliongola ndi kulipumitsa, kuti m'mawa lidzathe kugwiranso nchito. Kwa iye kupuma ndi kudzisamalira ndi gawo la maphunziro, monga mmene kulumpha kuliri. Wacinyamata amaona ngati thupi lake silidzatha, ndipo amalidyera masuku pamutu. Amene anavulalapo amalidziwa mtengo wake. Amati tsobola wakale sawawa, koma ku Montreal wakaleyo ndiye anawawa.

Si onse amene amabwerera

Komabe tingakhale tikunamiza ana athu ngati titawauza kuti aliyense wodekha amabwerera pamene anali. Wayde van Niekerk wa ku South Africa anathamanga mamita 400 m'masekondi 43.03 ku Rio de Janeiro mu 2016, naphwanya mbiri ya dziko lonse imene Michael Johnson anaikhazikitsa mu 1999. Mu October 2017 anavomera kusewera nao rugby yongosangalatsa anthu ku Cape Town, ndipo anaduka mtsempha wa m'bondo. Anacitidwa opareshoni, anapirira zaka, anabwerera, koma pa masewera a Olympic ku Tokyo mu 2021 sanafike m'ndime yomaliza, ndipo liwiro lija la ku Rio sanalipezenso. Masana amodzi a masewera osafunika anadya zaka zabwino koposa za moyo wake wa pa bwalo.

Ndipo pali nthawi imene kucira kumatanthauza kuleka. Pa 10 October 2022 tinamva kuti Enock Mwepu, amene anali kusewerera timu ya Brighton ku England, waleka mpira ali ndi zaka 24 zokha, madokotala atapeza kuti ali ndi matenda a mtima a cibadwa. Kunja anali kuoneka wamphamvu, ndipo miyezi yocepa m'mbuyomo anali kugoletsa zigoli mu ligi yaikulu ya ku England. Akanaumirira, akanatha kugwa pa bwalo osadzukanso. Iye anamvera, ndipo pambuyo pake Brighton inampatsa nchito yophunzitsa ana. Kusiya cimene umakonda pofuna kusunga moyo kumafuna mtima wolimba kuposa kuthamanga ndi bala.

Akale ndi atsopano

Funso lina limene limabuka m'maceza athu ndi lakuti: kodi akatswiri a lero angafanane ndi a kale? Ife amene tinali acinyamata pamene Samuel Matete anali pa cimake timakonda kuyankha msanga kuti iai. Ndipo zifukwa tili nazo. Mwana wa ku Chingola ameneyu, wobadwa mu 1968, anathamanga mamita 400 olumpha mipiringidzo m'masekondi 47.10 ku Zurich mu 1991, liwiro limene linakhala mbiri ya Africa zaka zoposa 30. Caka comweco anapambana mpikisano wa dziko lonse ku Tokyo. Anatenga siliva ku Stuttgart mu 1993 ndi ku Gothenburg mu 1995, ndiponso golide wa Commonwealth ku Victoria mu 1994.

Koma m'mbiri ya Matete cimene ana athu ayenera kugwira si mendulo zokha. Mu 1992 anapita ku Barcelona ali ngwazi ya dziko lonse, aliyense akuyembekeza mendulo, ndipo oweruza anamcotsa mu mpikisano asanafike m'ndime yomaliza. Masewera a Olympic amabwera kamodzi pa zaka 4. Matete anasunga thupi lake ndi mtima wake zaka zonsezo mpaka anakatenga siliva ku Atlanta. Anapikisana pa masewera a Olympic kanai, kuyambira 1988 mpaka 2000. Kukhalitsa kotere sikubwera ndi liwiro lokha, kumabwera ndi mwambo pa kadyedwe, kagonedwe ndi kapumidwe.

Pakati pa mendulo ya Matete ndi ya Samukonga panapita zaka 28. Zaka zonsezo sikuti Zambia analeka kubala ana aliwiro. Tonse tikukumbukira anyamata ndi atsikana amene ankasiya anzao kutali pa mipikisano ya masukulu, amene lero akuyenda motsimphina cifukwa bondo linavulala ndipo panalibe wowalangiza. Motero m'malo mokangana kuti wamkulu ndani, akale akanacita bwino kukhala pafupi ndi atsopano pa nthawi imene avulala, pakuti ndi pamene mau a munthu wodziwa amafunika koposa.

Mu mpikisano womwe uja wa ku Paris munali citsanzo cina. Kirani James wa ku Grenada anapambana golide wa Olympic mu 2012, Samukonga ali ndi zaka 9. Mu 2017 anapezeka ndi matenda a cithokomiro amene anamfooketsa kwa nthawi yaitali, koma analandira mankhwala, nabwerera, natenga mendulo ina ku Tokyo mu 2021. Ku Paris, ali ndi zaka 31, anathamanga masekondi 43.87, nakhala wacisanu, kumbuyo kwa mnyamata wathu. Umo ndi mmene masewera amayendera: amene unali kumuonera pa kanema uli mwana, tsiku lina umamusiya m'mbuyo, ndipo nawenso tsiku lako lidzafika. Wothamanga amene wamvetsa zimenezi saona wacinyamata ngati mdani, ndipo safulumiza bala lake poopa kuti malo ake atengedwa.

Kwa inu makolo ndi aphunzitsi

Mwana wa ku Avondale kapena ku Kabwata alibe gulu la madokotala lomutsatira monga Barbra Banda. Dokotala wake woyamba ndinu. Tsono nazi zinthu zocepa zoyenera kukumbukira.

Mwana akabinya kapena kukoka mnofu, aleke kusewera nthawi yomweyo. Kulungani madzi oundana m'kansalu, muike pamalopo mphindi 15 kapena 20, kangapo pa tsiku. Mangani bandeji mosathinitsa ndipo mwendo ukhale pamwamba. Masiku awiri kapena atatu oyamba musathowe ndi madzi otentha, musatikite mwamphamvu, pakuti zimenezi zimaonjeza kutupa. Kutema mphini pamalo otupa sikucotsa magazi oipa monga ena amanenera, koma kumangotsegulira njira tizirombo.

Ngati mwana sakutha kupondetsa mwendo, ngati ciwalo capindika, ngati bondo latupa msangamsanga kapena likugwedera, pitani naye ku cipatala tsiku lomwelo. Kiliniki ya ku Chelstone ili pafupi, ndipo cipatala ca Levy Mwanawasa, ca ku Chainama, ndi UTH zili ndi makina ounikira mafupa. Kumbukirani kuti mafupa a mwana amene akukula ali ndi malo anthete kumapeto kwake, pamene fupa limatalikira. Cimene kwa wamkulu cingakhale kubinya cabe, kwa mwana cingakhale kuthyoka, ndipo cikanyalanyazidwa mwendo ungakule mokhota.

Mwana akagunda mutu, asabwerere pa bwalo tsiku limenelo ngakhale anene kuti ali bwino. Akayamba kusanza, kusinza kapena kulankhula zosokonekera, thamangani naye ku cipatala. Cimodzimodzi mwana amene amakomoka kapena kumva kupweteka pacifuwa pothamanga, makamaka ngati m'banja mwanu wina anamwalirapo mwadzidzidzi ali wamng'ono: akapimidwe mtima asanapitirize.

Musampatse mwana mankhwala opha ululu n'colinga coti akasewere. Ululu ndi mlonda wa thupi, ndipo kuupha kuli ngati kumanga pakamwa galu wa pakhomo usiku. Dokotala akakutumizani kwa akatswiri a physiotherapy, amene amaphunzitsa ziwalo kugwiranso nchito, musaleke panjira poona kuti mwana wayamba kuyenda. Kubwerera kukhale kwa makwerero: kuyenda, kuthamanga pang'ono, kuonjezera liwiro, kuphunzira pamodzi ndi anzake, ndipo pomaliza mpikisano. Ululu ukabweranso, atsike khwerero limodzi.

Palinso bala lina losaoneka. Mwana amene moyo wake wonse unali pa bwalo, akavulala amadziona ngati wopanda pake. Amakwiya msanga, amadzitsekera m'cipinda, ndipo ena ndi pamene amayamba mowa ndi camba. Musamunyoze kuti tinakuuza. Mulimbikitseni apite kukaonerera anzake, agwire wochi ya mphunzitsi, ndipo koposa zonse agwiritse miyezi imeneyo pa mabuku ake, pakuti ngakhale wothamanga wamwai koposa amaleka akadali ndi zaka zambiri zoti akhale ndi moyo.

Kwa aphunzitsi a masewera m'masukulu ndi m'matimu a m'makomboni, pempho lathu ndi limodzi. Cikho ca caka cino cidzacita dzimbiri m'kabati ya ahedi, koma bondo la mwana uja adzayenda nalo mpaka ukalamba. Iye mwini adzakucondererani kuti aseweretsedwe, anzake adzakuumirizani, mwina ndi atate ake omwe. Pa anthu onsewo wamkulu ndinu, ndipo udindo wonena kuti dikira uli pa inu.